ULENDO WA PA BOTI KU CILUMBA CA AKATUMBU

Munthu wozolowera kutsikira ku mgodi saopa mdima, koma akakwera boti pa doko la Hout Bay, pafupi ndi Cape Town, amagwiritsa citsulo ndi manja awiri. Boti likangozungulira phiri la Sentinel, mafunde a nyanja yamcere amayamba kulinyamula ndi kulitsitsa, ndipo mphepo yace imalasa ngati ya mwezi wa June. Ulendowo ndi waufupi, wosakwana ola limodzi kupita ndi kubwera.

Kumene akupita ndiko ku Duiker Island, thanthwe lopanda mtengo ngakhale umodzi. Cimene cimayamba kulonjera alendo ndi pfungo, pambuyo pace phokoso longa la agaru ndi nkhosa pamodzi. Pamenepo zimaoneka nyama zimene Angerezi amazicha seal. Zimafanana ndi katumbu wa m'Luangwa, koma yamphongo imalemera kuposa matumba anai a cimanga, ndipo m'malo mwa miyendo iri ndi zipsepse. Pamtunda imayenda movutika, koma ikalowa m'madzi imaposa nsomba. Alendo saloledwa kutsika. Amangopenya ali m'boti. Kuigwira nkoopsa, pakuti imaluma, ndiponso mu 2024 kunapezeka kuti zina zimadwala ciwewe.

Kale nyamazi zinatsala pang'ono kutha cifukwa ca zikopa ndi mafuta ace. South Africa inaleka kuzipha mu 1990, ndipo lero zadzaza matanthwe.

Mbalame siziri ndi mwai wotere. Mphipi zakuda zimene zimaima pa thanthwelo zitatambasula mapiko zikucepa. Inzace yochedwa penguin, yosauluka, imene imaswana pa zilumba zina za gombe lomwelo, yacepa koposa. Tsoka lace linayamba ndi zitosi. Pa cilumba ca Ichaboe, ku Namibia, zitosi za mbalame zinaunjikana kuposa mamita 20, ndipo kuyambira 1843 kufikira 1845 anthu anazikumba monga mgodi, nazitumiza ku Ulaya kukacita manyowa. Zilumba zinanso anazipala comweco. Koma m'zitosimo ndimo penguin inkakumba una wace. Zitacotsedwa, mazira anatsala pa dzuwa. Pambuyo pace makoka akuru anasesa nsomba zazing'ono zimene mbalamezi zimadya. Mu 2024 penguin ya ku Africa inawerengedwa pakati pa zolengedwa zotsala pang'ono kutheratu, ndipo mu 2025 bwalo la milandu linavomereza kuti makoka otere asaponyedwe pafupi ndi malo 6 amene imaswana.

Wokumba mkuwa amadziwa kuti mwala ukaturuka pansi subweranso. Nyama ndi mbalame zimabwerera, koma pokhapokha zitasiyidwa mbeu ikalipo. Wotsika m'boti ku Hout Bay waona zonse ziwiri pa thanthwe limodzi: akatumbu amene analekedwa nacuruka, ndi mbalame zimene zikali kudikira.