Loko Apite Kutali, Kiyi Atsale Pakhomo

Nkhani ya lero ndi ya munthu amene ali ndi kompyuta pa tebulo pake, koma ntchito yake imasungidwa m'kompyuta ina yotchedwa seva, imene ili kutali, mwina kutsidya kwa nyanja. Kale, pofuna kulowa m'sevayo, munthuyu ankalemba dzina lake ndi mawu achinsinsi, ndipo mawuwo ankayenda pa mawaya ali poyera.

Mu 1995, mbava zinatchera msampha pa makompyuta a Helsinki University of Technology, m'dziko la Finland, n'kutola mawu achinsinsi a anthu ambiri. Katswiri wina wa pasukuluyo, Tatu Ylönen, analemba pulogalamu ya SSH, imene imabisa zonse zoyenda pakati pa makompyuta awiri. Mu 1999 a OpenBSD anatulutsa OpenSSH, imene lero ili m'maseva ambirimbiri.

Komabe vuto lina linatsala. Usana ndi usiku, makina a mbava amagogoda pa khomo nambala 22, pamene SSH imalandirira alendo, nayesa mawu awa ndi awo kufikira atalasa. Mankhwala ake ndiwo makiyi awiri oyendera limodzi, nzeru imene Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anaifalitsa mu 1976.

Kiyi woyamba ndi wachinsinsi, ndipo sachoka m'kompyuta ya mwiniwake. Wachiwiri ndi wapoyera. Ameneyu ali ngati loko wokakoleka pa chitseko cha seva. Mwiniwake akafuna kulowa, kompyuta yake imadinda chidindo pa uthenga ndi kiyi wachinsinsi uja, ndipo seva imayesa chidindocho ndi loko. Zikagwirizana, chitseko chimatseguka. Wotchera khutu panjira sapeza kanthu koti n'kudzalowera mawa, pakuti kiyi sanayende ulendowo.

Kukonza zimenezi kuli ndi mbali zitatu. Poyamba, munthu amalemba lamulo loti ssh-keygen -t ed25519 pa kompyuta yake. Pamenepo pamabadwa mafayilo awiri m'foda yotchedwa .ssh: id_ed25519, amene ndiye kiyi, ndi id_ed25519.pub, amene ndiye loko. Kompyuta imafunsanso mawu otetezera kiyiyo, ndipo wanzeru sadumpha funso limeneli.

Chachiwiri ndi kutumiza loko. Pa Linux ndi macOS, lamulo la ssh-copy-id limachita ntchitoyi. Pa Windows, munthu amakopera yekha mzere wa m'fayilo ya loko n'kuuika m'fayilo ya authorized_keys pa seva. Apa m'pofunika maso: wotumiza fayilo yopanda .pub wapereka kiyi wa nyumba yake.

Chachitatu ndi kutseka khomo lakale, polemba PasswordAuthentication no m'fayilo ya sshd_config ndi kuyambitsanso SSH. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu ayambe wayesa kiyi wake pa windo lachiwiri, loyamba lili chitsegukire. Wopupuluma amadzitsekera kunja kwa seva imene sangaifikire ndi miyendo.

Nanga kompyuta ikabedwa? Mawu otetezera aja amachedwetsa wakubayo, ndipo woyang'anira seva amangofufuta mzere umodzi mu authorized_keys. Kuyambira pamenepo kiyi wobedwayo satsegulanso kanthu, ndipo mwiniwake amasula makiyi atsopano.