Nyimbo Imodzi, Mbale Ziwiri

Masabata apitawa ndakhala ndikumvetsera mbale ziwiri za munthu mmodzi, ndipo pa mbale zonse ziwirizo akuimba nyimbo imodzimodzi. Munthuyo ndi Glenn Gould, katswiri wa piyano wa ku Toronto, m'dziko la Canada. Nyimbo yake ndi Goldberg Variations, imene Johann Sebastian Bach wa ku Germany anasindikiza m'chaka cha 1741. Mbale yoyamba inajambulidwa mu 1955, Gould ali ndi zaka 22. Yachiwiri mu 1981, m'nyumba yojambuliramo yomweyo, mumzinda wa New York.

Ndiyambe ndi mamangidwe a nyimboyi, pakuti ambiri amene amati nyimbo zotere zilibe mutu amakhala atatchera khutu pamalo olakwika. Bach ayamba ndi kanyimbo kofatsa kotchedwa Aria, natsatiza zigawo 30, ndipo pomaliza kanyimbo kaja kabweranso. Chimene chilunzanitsa zigawo zonsezi si mau a pamwamba ai, koma mau a pansi, amene oimba m'makwaya amati besi. Pamwamba pachitike zotani, besiyo ayenda njira yake yomweyo kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto. Mukamtaya iyeyo, mwataya nyimbo yonse.

Mbale ya 1955 ndi ya mnyamata wa magazi otentha. Nyimbo yonse aitsiriza m'mphindi 38. Bach analemba kuti theka lililonse la chigawo liimbidwe kawiri, koma Gould sabwereza ndi limodzi lomwe. Tikumbukirenso kuti nyimboyi inalembedwera harpsichord, limba lakale lokhala ndi mizere iwiri yoyendamo zala; pa piyano mzere ndi umodzi, kotero m'zigawo zina manja amapingasana ndi kuphana malo. Mnyamatayu sizimvuta. Mau aliwonse agwa paokha, mbee, ngati matalala padenga la malata. Chodabwitsa nchakuti pa chigawo cha 25, chachisoni koposa zonse, wothamanga yemweyu aima nachedwapo mphindi zoposa 6, monga munthu amene wakumana ndi maliro panjira.

Pofika 1981 Gould anali atasiya kale kuimba pamaso pa anthu. Anasiya mu 1964, nasankha kumangojambula. Pa mbale yachiwiriyi nyimbo yomwe ija itenga mphindi 51. Aria amene kale sanakwane mphindi ziwiri tsopano atenga zitatu, ndipo mau aliwonse awaika pansi mosamala, ngati mayi wotula mtsuko wodzala. Liwiro la chigawo china libadwa m'chigawo chapitacho, kotero simumva zidutswa 30 koma ulendo umodzi. Apa besi uja amveka poyera, ndipo nchifukwa chake ine ndiikonda mbale imeneyi koposa inzake. Ya 1955 imandiimitsa tsitsi. Ya 1981 imandikhazika pansi.

Pali chinthu chimodzi chimene ena chimawanyansa. Gould poimba piyano ankaimbanso cham'mero, ndipo kamau kakeko kamveka ndithu kuseri kwa nyimbo. Musaganize kuti makina anu aonongeka. Ine sindidana nako. Kamandikumbutsa kuti pampandopo pali munthu wopuma mpweya. Mbale yachiwiriyi inatuluka mu 1982, ndipo pa 4 October chaka chomwecho Gould anamwalira, atangokwanitsa kumene zaka 50.

Inu amene simunaimvepo nyimboyi, yambani ndi mbale ya 1955, pakuti siipereka mpata wakuti mugone. Pambuyo pake mutenge ya 1981, usiku ana atagona, ndipo mudikire chigawo cha 30, m'mene Bach analukira pamwamba pa besi uja nyimbo zoseketsa za anthu wamba a kwao, ina yonena za kabichi. Chikangotha chigawo chimenecho, musathamangire kutseka: Aria abwera chapansipansi kwambiri, moti mwina mudzafunika kusendera pafupi.