MLATHO WA GALASI WA KU VENICE: WOKONGOLA, WODULA, WOTERERA

(Awa ndi mawu omwe mtolankhani wathu adayankhula pa zokambirana za atolankhani achinyamata mu mzinda wa Lilongwe. Tawasindikiza monga momwe adawayankhulira.)



Atandiuza kuti ndidzayankhule za momwe ndalama za misonkho zimayendera, ndidadziwiratu kuti ambiri mubwera ndi chiyembekezo chomva za akuba. Pepani, lero ndilibe wakuba. Ndabwera ndi mlatho basi. M'nkhani yomwe ndikambeyi palibe munthu yemwe khothi lidamupeza ataponya ndalama za boma m'thumba mwake. Komabe ndalama zidapita, ndipo anthu adavulala.

Ndiyambe ndi kudziulula. Ine si injiniya. Sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira, ndipo masamu omwe ndimawakhulupirira ndi owerengera chenje. Koma milatho ndimaidziwa monga momwe mumaidziwira inu, ndi mapazi. Pobwera kuno m'mawa uno ndadzera kumsika, pa timilatho tamitengo tija ta pa mtsinje wa Lilongwe, tomwe anthu adakhoma okha n'kumalipiritsa aliyense wowoloka. Timagwedera, matabwa ena adaguluka, ndipo dzinja likakula madzi amatikokolola. Sindikutiyamikira ayi. Koma taonani pomwe adatiika: penipeni pomwe mayi wosenza dengu la tomato akufuna kuwolokera. Omanga ake adayamba ayang'ana kaye anthu. Mlatho womwe ndikufuna tikambirane uli kutali, ku Italy, ndipo omwe adauvomereza adayamba ndi kuyang'ana chithunzi.

Mzinda wa Venice udamangidwa pa tizilumba, pakati pa madzi. M'kati mwake simuyenda galimoto. Munthu amayenda pansi kapena kukwera boti. Milatho iliko yoposa 400, koma pa ngalande yaikulu yomwe imadula mzindawo pakati, yotchedwa Grand Canal, padali milatho itatu yokha: wa Rialto womwe udatha kumangidwa mu 1591, wa Accademia, ndi wa Scalzi wa mu 1934. Mabasi ambiri ochokera kumtunda amathera pa malo otchedwa Piazzale Roma. Siteshoni ya sitima, Santa Lucia, ili tsidya lina la ngalandeyo. Munthu wotsika basi wofuna kukakwera sitima amayenera kuzungulira kukadzera pa mlatho wa Scalzi, kapena kulipira boti. Choncho ganizo la mlatho wachinayi silidali lopusa.

Mu 1999 khonsolo ya mzindawo idapereka ntchito yojambula mapulani kwa Santiago Calatrava, mkulu wa ku Spain yemwe dzina lake ndi lotchuka padziko lonse pa nkhani ya milatho ndi nyumba zachilendo. Iye adajambula uta umodzi wachitsulo, wotalika mamita 94, wopanda mzati ndi umodzi womwe m'madzi. Kumapeto kwake ndi wopapatiza, mamita asanu ndi theka, koma pakati umatambasuka kupitirira mamita 9 kuti anthu aziima n'kumaonera mabwato. Ukauyang'ana cham'munsi umaona nthiti zachitsulo zofiira zitandandalikana ngati minga ya chambo chomwe wadya ndi munthu wanjala. Zotchinga za m'mbali ndi zagalasi. Popondapo pali kamzere ka miyala pakati, koma uku ndi uku masitepe adawapanga agalasi, ndipo usiku magetsi amawala kuchokera pansi, munthu n'kumaoneka ngati akuyenda pa kuwala.

Ndinene chilungamo, mlathowu ndi wokongola. Eni mzinda ena adaukana ponena kuti chinthu cha chitsulo ndi galasi sichiyenera pakati pa nyumba zakalekale za makolo awo. Ine pamenepo sindigwirizana nawo. Ngakhale wa Rialto, womwe lero alendo amapanikizana kuti ajambulitsepo, tsiku lina udali wachilendo. Vuto la mlathowu si nkhope yake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwo.

Nyerere yoyamba ndi ndalama. Poyamba anthu adauzidwa kuti mlatho udya pafupifupi ma euro 7 miliyoni. Ntchito idayamba mu 2003, n'kukokeka zaka zisanu, ndipo pomaliza mtengo udafika ma euro 11.6 miliyoni. Chimodzi mwa zomwe zidavutitsa omanga ndi chomwecho chomwe chimaukongoletsa. Tengani nsungwi, muipinde pang'ono, muiike pakati pa njerwa ziwiri, kenaka muiponde pakati. Njerwa zija zithawa, ina uku ina uko. Uta ukakhala wosapindika kwambiri, wathyathyathya ngati uwu, mphamvu yokankha magombe imakula. Tsono nthaka ya ku Venice ndi matope, ndipo mzinda wonse udatsamira pa mitengo yomwe makolo awo adakhomera pansi. Mlatho utatha, akatswiri adayenera kumaupima kawirikawiri kuti aone ngati magombe sakusuntha, ndipo kupimako sikwaulere.

Tsopano mverani momwe adautsegulira, chifukwa apa ndi pomwe ine nkhaniyi idandigwira mtima. Kuno kwathu mukudziwa momwe zimakhalira: ngakhale chimbudzi cha pamsika chimatsegulidwa ndi mdipiti wa magalimoto, amayi atavala nsalu za chipani, ng'oma zikulira, ana asukulu atapsa ndi dzuwa kuyambira m'mawa. Ku Venice nakonso adakonza mwambo waukulu. Koma phokoso la anthu odandaula litakula, mwambowo adaufafaniza. Mlatho adautsegula mwakachetechete usiku wa pa 11 September 2008, anthu ambiri atagona, ngati munthu wobweza mbuzi yomwe adaitenga osapempha.

Ndipo adaupatsa dzina loti Ponte della Costituzione, kutanthauza Mlatho wa Malamulo Oyendetsera Dziko, pokumbukira kuti padali patatha zaka 60 chiyambire kugwira ntchito malamulo a dziko la Italy mu 1948. Malamulo amenewo adalembedwa dzikolo litangotuluka mu ulamuliro wankhanza wa Mussolini, ndipo amanena kuti nzika zonse ndi zofanana. Ife a Malawi tikudziwa kulemera kwa mawu otere, poti nafenso tidalemba athu mu 1994 titatopa ndi chipani chimodzi.

Koma pa mlatho wa dzina lalikulu limenelo, munthu woyenda pa njinga ya olumala samatha kuwolokapo. Masitepe okhaokha, kuyambira tsidya lino mpaka tsidya ilo. Mlatho watsopano, womangidwa m'zaka za m'ma 2000, ndi ndalama za misonkho yomwe munthu wolumala naye amapereka! Mabungwe a anthu olumala ndiwo adali m'gulu la omwe adakweza mawu mpaka mwambo uja kulephereka. Ndimadzifunsa: pa misonkhano yonse yomwe idachitika kuyambira 1999, mapulani ali pa tebulo, kodi padalibe ndi mmodzi yemwe woti aimike dzanja n'kufunsa kuti nanga agogo a ndodo adzera pati? Kapena adalipo koma adachita manyazi pamaso pa katswiri wotchuka?

Pofuna kufufuta manyaziwo, khonsolo idawonjezera kachipinda kooneka ngati dzira koyenda pa njanji m'mbali mwa mlatho, koti kazinyamula anthu olumala. Eni ake adakatcha ovovia. Kadadya pafupifupi ma euro 2 miliyoni ndipo kadayamba kugwira ntchito mu 2013, patatha zaka zisanu mlatho utatsegulidwa. Kamayenda ngati nkhono, m'kati mumatentha ngati mu uvuni nthawi yadzuwa, ndipo kamangofa. Anthu omwe adawapangira aja sadakafune. Mu 2020 adakazula. Chigamba chidadula, ndipo chigambacho chidang'ambikanso.

Tifike pa galasi. Venice ndi mzinda wa chinyezi, wa mvula ndi nkhungu, ndipo nthawi yozizira madzi amaundana. Galasi likanyowa mukudziwa chomwe limachita. Anthu adayamba kuterereka, ena kugwa chagada, ena kuvulala mpaka kukasumira khonsolo kuti iwapepese ndi ndalama. Masitepe enieniwo sadali ofanana kukula kwake, moti phazi likazolowera muyeso wina limapezeka laponda pena. Khonsolo idayesa kumata timizere tokhakhala, idaika zikwangwani zochenjeza, koma anthu amagwabe. Komanso kumbukirani kuti mlathowu uli pakati pa depoti ya mabasi ndi siteshoni ya sitima. Ndani amawoloka pa malo otere? Ndi anthu okoka masutikesi a mateyala, tsiku lonse, chaka chonse. Magalasi adayamba kusweka, ndipo lililonse losweka limafuna lina lodula.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti chenjezo lidalipo kale. Mu 1997 mzinda wa Bilbao ku Spain udatsegula mlatho wa oyenda pansi wotchedwa Zubizuri, wojambulidwa ndi Calatrava yemweyo, popondapo pali pagalasi. Kumeneko nako anthu adagwa mpaka khonsolo idayala chinthu chonga kapeti pamwamba pa galasilo. Pakati pa 1997 ndi 2008 pali zaka 11. Kalata imodzi, kapena telefoni imodzi yochoka ku Venice kupita ku Bilbao, ikadakwanira. Safunsa adadya phula.

Nkhani idafika ku bwalo lomwe limaona za kayendetsedwe ka ndalama za boma ku Italy, lotchedwa Corte dei Conti. Mu 2015 bwalo loyamba lidapeza kuti Calatrava alibe mlandu. Koma apilo itamvedwa, mu August 2019 oweruza adagamula kuti adachita mosasamala kwambiri ndipo adamulamula kulipira ma euro 78,000. Mwa zina adati masitepe omwe amayenera kukhala zaka 20 adayamba kusinthidwa pasadathe zaka zinayi, komanso kuti katswiri wa msinkhu wake adayenera kuganizira kuchuluka kwa alendo okoka katundu. Ndisamuphere ufulu mkuluyu: a ku ofesi yake adanena kuti galasi lomwe lidaikidwa poyamba lidali losaterera ndipo lidakwaniritsa malamulo, koma kuti katundu wolemera ndi anthu owononga adaliswa, ndipo lolowa m'malo mwake silidali loyenera. Mwamva mbali zonse ziwiri. Koma ine wowerengera chenje ndikuti tiike 78,000 pafupi ndi 11.6 miliyoni. Sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Zotsalazo adalipira ndani? Wogulitsa nsomba, woyendetsa boti, mphunzitsi, ndi munthu wa pa njinga ya olumala uja yemwe sadawolokepo.

Ndipo mu January 2022 khonsolo idalengeza kuti ichotsa magalasi opondapo aja n'kuikapo miyala, pa mtengo wina wa pafupifupi ma euro 500,000. Ndiye kuti chinthu chomwe chidaupatsa ulemerero pa chithunzi chija ndicho adagwirizana kuti chichoke.

Anzanga atolankhani, mwina mukuti nkhani ya azungu a ku Italy ikutikhudza bwanji. Italy ndi dziko la zipani zambiri, la nyuzipepala zolusa, la makhothi oima paokha. Zonsezo zidalipo, ndipo zidagwiradi ntchito: nyuzipepala zidalemba, mabungwe adakuwa, khothi lidagamula. Koma chigamulo chidabwera patatha zaka 11 simenti itauma. Ife timakonda kufika pa nkhani tsiku lodula riboni, kapena tsiku lomwe munthu wathyoka mwendo. Nthawi yomwe mtolankhani angapulumutse ndalama ndi ija mapulani akadali pa pepala, pamene kusintha sitepe n'kungofufuta ndi labala. Tsiku limenelo kulibe ng'oma, kulibe fanta, kulibe alawansi, ndipo akonzi athu sakonda kutituma kumeneko.

Ndivomereze tchimo langa. Ndidalembapo nkhani ya chitukuko china chomwe ndidangotenga chithunzi chokongola chomwe adatigawira, n'kukopera mtengo womwe adatiwerengera, n'kuika mutu waukulu. Sindidafunse kuti mtengowo ukuphatikiza kusamalira chinthucho chikatha kapena ayi. Sindidafunse kuti adakambirana ndi ndani mwa anthu odzachigwiritsa ntchito. Ndidaopa kuoneka mbuli pamaso pa anthu a madigiri. Chonsecho funso lomwe likadapulumutsa anthu a ku Venice silidafune digiri. Mayi wosenza tomato uja akadangoyang'ana chithunzicho n'kufunsa kuti, kodi mvula ikagwa pamenepa pamakhala bwanji?

Ndipo lero tilibe pothawira. Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko lino limatipatsa ufulu wopeza zomwe boma likusunga, ndipo lamulo lothandiza kuti ufuluwo utheke lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, titalilirira zaka zambirimbiri. Mizinda yathu ikukula, misewu ikukulitsidwa, ndipo pomwe msewu watambasuka woyenda pansi amafuna powolokera. Khonsolo ikadzati ikumanga mlatho, pitani mukapemphe mapulani ndi mgwirizano womwe yasainirana ndi kontirakitala. Mukawerenge masitepe. Mukafunse kuti wa njinga ya makala, mayi wa pakati, ndi wa pa njinga ya olumala akwera bwanji, nanga usiku padzakhala magetsi, nanga utoto ndi zitsulo zikayamba dzimbiri ndalama yake idzachokera thumba liti. Akakuyankhani m'Chingerezi chozama, apempheni abwereze m'Chichewa.

A wapampando, ndabwera ndi zithunzi ziwiri zomwe ndipempha kuti ziyende m'manja. Choyamba ndi cha usiku, magetsi akuyaka, pa mlatho palibe munthu. Chachiwiri ndi cha m'mawa kukugwa mvula. Pa chachiwiricho muyang'ane pomwe anthu akuponda. Mlatho ndi wotambasuka mamita 9, koma onse andandana ngati nyerere pa kamzere ka miyala ka pakati paja, masutikesi ali m'manja, magalasi a mbali zonse ziwiri ali okha.

 Mafunso ndiyankha tikamwa tiyi.