Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Umoyo wa M'kamwa, 20 Malichi



Pamene dziko lathu, mothandizana ndi University of Glasgow, linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano ku Blantyre m'chaka cha 2019, ndi kukhazikitsanso ndondomeko ya umoyo wa m'kamwa mu 2022, tinakondwera ndithu. Komatu lilipo vuto lina limene ambiri a ife timalisenza mwakachetechete, poganiza kuti ndi dzino kapena khutu.

Taikani chala patsogolo pa khutu, muyasamule. Inde, nanunso agogo kumbuyoko. Chimene chikuyendacho ndi polumikizira nsagwada ndi chigaza, ndipo pakati pa mafupa awiriwo pali kamnofu kolimba kowaletsa kukhulana. Pamenepo pakavuta, munthu amamva kuwawa akamatafuna, nsagwada imalira poyasamula, mutu ndi khutu zimapweteka, ndipo tsiku lina kamwa imangouma, osatseguka kapena osatsekeka. Ena afika pochotsetsa dzino labwinobwino, koma ululu osachoka.

Nyamakazi imatha kuyambitsa zimenezi, monganso ngozi ya pamsewu. Koma kawirikawiri ndi nkhawa, pakuti munthu amene wagona ndi ngongole mumtima amakukuta mano usiku wonse iye osadziwa, nadzuka m'mawa nsagwada zili zolema. Anyamata otsegula botolo ndi mano, ndakuonani, lekani.

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho abambo mundilole ndinene. Matendawa amagwira amayi koposa, ndipo alipo amayi ena amene nsagwada zawo zinapweteka ndi nkhonya ya mwamuna amene analonjeza pamaso pa ankhoswe kuti adzawasamala. Zimenezi n'zochititsa manyazi, ndipo mafumu musaziweruze ngati nkhani ya m'nyumba.

Ambiri amachira popanda opaleshoni: kuthowa ndi nsalu yofunda, kudya zofewa monga phala, kusiya nzimbe ndi chimanga chokazinga kwa kanthawi. Ululu ukapitirira, pitani kuchipatala. Lero madokotala akupima aliyense kwaulere, ndipo ndapempha kuti ayambe ndi agogo athu.