Mwana Akamaonda, Tisathamangire Kunena Kuti Ndi Tsempho

Ambirife tinakula tikumva kuti chifuwa chachikulu, TB, ndi matenda a akuluakulu, makamaka abambo obwera ku migodi ya ku Joni. Koma bungwe la WHO likuti chaka chilichonse ana oposa 1 miliyoni amadwala matendawa pa dziko lonse.

Mwana amatengera TB kwa wamkulu amene akutsokomola m'nyumba momwemo, kaya agogo, kaya bambo ake. Chovuta n'chakuti mwana wamng'ono satha kutulutsa makhololo, choncho matendawa amabisala. Timangoona akuonda, thupi likutentha, chifuwa chosatha masabata awiri, kusewera wasiya. Apo ife timayamba kulozana zala kuti ndi tsempho, ankhoswe n'kukhalirana pansi kufunsa amene walakwa, uku mwana akungofookerabe.

Titenge kabuku kake ka kusikelo, tipite naye kuchipatala. M'zipatala za boma mankhwala ndi aulere. Amwe miyezi yonse imene adokotala anena, nthawi zambiri 6, ngakhale atayambanso kusewera. Ngati m'nyumba muli wodwala TB, ana osakwana zaka 5 tikawayezetse msanga, pakuti alipo mankhwala owateteza asanadwale.

Katemera wa BCG, wosiya chipsera paphewa uja, amateteza kwambiri ku TB yogwira ubongo, koma mwana wobayidwa angathe kudwalabe chifuwachi.