MAU ONENEDWA PA MSONKHANO: ZA ZITHUNZI ZAKUDA ZA PIERRE SOULAGES



Pa msonkhano wapita, ena a ife anaseka pakumva za munthu wojambula ndi utoto wakuda wokhawokha, nati, "Kodi ameneyo sanangodetsa nsaru?" Funso limeneli si lopusa iai, ndipo lero tifuna kuliyankha.

Munthuyo ndiye Pierre Soulages wa ku France, amene anabadwira ku Rodez caka ca 1919, namwalira caka ca 2022, ali ndi zaka 102. Usiku wina m'caka ca 1979 analimbana ndi cithunzi cina kufikira nsaru yonse inada bii. Poyesa kuti waononga nchito yace, anapita kukagona. Atauka anapeza utoto uli wakudabe, koma pa mizere imene cida cace cinasiya, kuunika kunalikubwerera kumaso kwace. Kuyambira pamenepo anajambula motero kufikira ukalamba wace, napatsa njira imeneyi dzina lakuti outrenoir, ndiko kunena kutsidya kwa kuda. Mu 2014 anthu a ku Rodez anatsegula nyumba yosungiramo zithunzi zace, ndipo mu 2019 zinaonetsedwa ku Louvre, m'mzinda wa Paris.

Tsono taganizani kuti mwaima pamaso pa cimodzi ca zithunzizo. Mulibe munthu, mulibe mtengo, mulibe nyama. Utoto wapakidwa wocindikala. Pena wasalala ngati mbiya yatsopano, pena wakandidwa ngati mizere ya m'munda. Mukaima kumanja, mzere wina uyera ngati siliva. Mukasuntha phazi limodzi, womwewo uda, ndipo unzace uyera. Mwini wace sanacipatsa dzina, koma analemba muyeso wace ndi tsiku limene anacitsiriza, kuti asatiuziretu cimene tiyenera kuona. Cifukwa cace sitinaciike m'kalata ino: pepala likadaonetsa banga lakuda lokha, ndipo oseka aja akadapambana mlandu.

Nanga ubwino wace uli pati? Ife tiyesa kuti uli apa. Munthu wocokera padzuwa akalowa m'nyumba saona kanthu. Akathamanga kuturuka, adzanena kuti m'nyumbamo mulibe cinthu. Koma akakhala pansi, aona mphasa, mtondo, ndi nkhope ya mbale wace. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Moyo wathu uli wotero: sitidziwa za mvula ya caka camawa, kapena ngati wodwala wathu adzadzuka, ndipo mantha atifulumiza kunena kuti zonse zada. Inu mafumu mudziwa bwino kuti mlandu uoneka mwina kwa wodandaula ndi mwina kwa womangidwa, ndi kuti woweruza wakumva mbali imodzi alakwira anthu ace.

Tisanamizane: cithunzici sicilonjeza kuti mdima udzatha. Ciribe kuunika kwace kwace. Cingobweza kumene kuli m'cipindamo, ndipo mukazima nyali, cida monga usiku. Cimene cipempha ncocepa, koma ncobvuta: kuti munthu aime pamaso pa cinthu cimene sacizindikira, osaseka, osathawa, nasunthe pang'ono, nayang'anenso.