Za Kukumbukira Akufa Athu pa Manda a Onse: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka ku Nancholi



Tonse tidziwa kuti kumudzi manda ali ndi eni ake. Mfumu ndiyo iloza malo, adzukulu ndiwo akumba, ndipo munthu wolowa kumanda kapena kudulako mtengo mfumu isanalole amaitanidwa ku bwalo. Akuluakulu adziwa pamene agona munthu aliyense, ngakhale palibe cholembedwa, pakuti mbumba yonse ikhala pomwepo.

Koma ife a ku Nancholi, pamodzi ndi anzathu a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, ambiri tinadza m'tauni muno potsata ntchito. Mlomwe wa ku Thyolo agona pambali pa Msena wa ku Nsanje, ndipo Mngoni wa ku Ntcheu pambali pa Mtumbuka wa ku Rumphi. Ana akasamutsidwa pa ntchito, kapena akapita ku Joni, mtumbira utsala wokha. Udzu umera, mtanda wa thabwa udyedwa ndi chiswe, ndipo pakapita zaka zowerengeka palibe angauloze.

Miyambo yokumbukira tili nayo ndithu. Makolo athu ankameta maliro, ndipo pakapita miyezi ankafulula mowa wa chikumbutso. Abale athu Achisilamu achita sadaka pa tsiku la 40. Akatolika apita kumanda pa 2 November kukapempherera mizimu ya akufa. Ambiri a ife timanga chiliza, ndi kuitana abale kudzaika nkhata. Zonsezi nzabwino, koma onani kuti uliwonse wa miyamboyi uli wa banja kapena wa mpingo. Nanga mlendo amene anafa wopanda mbale m'tauni muno, amkumbukira ndani?

Mbiri ya dziko lathu itiphunzitsa kuwawa kwa manda otayika. Mbusa John Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915, ndipo Boma la Atsamunda linamuika mobisa. Fuko lonse limkumbukira pa 15 January chaka ndi chaka, nkhope yake ili pa ndalama zathu, koma palibe malo amene tingaimepo ndi kunena motsimikiza kuti agona pano.

Chitsanzo china nchapafupi ndi ife. M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manje. Pa 15 March, Dr Lazarus Chakwera, amene anali Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anafika pa maliro a anthu ambiri ku Chilobwe, ndipo dziko linalira masiku 14. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa, ndipo oposa 500 anasowa. Mabanja a osowawo alibe ngakhale mtumbira woti akaulambule.

Tsono ndipempha Bungwe kuti lilingalire zinthu zinayi.

Choyamba, tikhale ndi tsiku limodzi pa chaka, Loweruka lomaliza la October, mvula isanagwe, lolambula manda onse, osati a abale athu okha ayi. Tiyambe tapempha chilolezo kwa mafumu monga mwa mwambo, ndipo adzukulu atitsogolere. Ntchito ikatha, mpingo uliwonse upemphere monga mwa chikhulupiriro chake, ndipo mayina a onse amene atisiya m'chakacho awerengedwe mokweza, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi.

Chachiwiri, pakhale buku la manda. Ine ndigwira ntchito ya ukalaliki, ndipo ndiona tsiku ndi tsiku kuti chimene sichinalembedwe chitayika, ngakhale anthu anachidziwa bwino. M'bukumo tilembe dzina la womwalira, mudzi wa kwawo, mfumu yaikulu ya kwawoko, tsiku loikidwa, ndi mzere umene agonamo. Mabuku akhale awiri, lina kwa mfumu, lina kwa mlembi wa Bungwe, kuti limodzi likanyowa kapena kupsa linzake litsale. Potero mwana wobwera kuchokera kutali adzapeza pamene anaikidwa mayi wake.

Chachitatu, tibzale mitengo m'malire a manda, ndipo tipemphe mafumu ndi Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre kuti asalole munthu kulima kapena kumanga nyumba kupitirira malirewo. Malo m'tauni achepa, ndipo manda opanda malire ooneka adyedwa pang'onopang'ono.

Chachinayi, tisonkhe ndalama, aliyense monga angathere, kuti tiimike mwala umodzi wa iwo amene mitembo yawo sinapezeke, ndi alendo amene anaikidwa popanda mbale.

Abale anga, akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambiri a ife tili muno sitidzanyamulidwa kupita kumudzi, pakuti ulendo wa maliro ufuna ndalama zambiri. Tidzagona konkuno, ndipo ana athu adzatisamala monga anationa ife tikusamala ena. Ndipempha Wapampando kuti mfundo zinayizi zilembedwe m'ndondomeko ya msonkhano uno, ndi kuti komiti idzatiuze pamene yafika pa msonkhano ukudzawo.